Mmene kachipinda ka osuta kanabwerera m'malesitilanti a ku Joni

Amene anagwirapo ntchito yoperekera zakudya ku Joni akukadziwa kachipinda kotchingidwa ndi magalasi kamene kamakhala chakumapeto kwa lesitilanti. Ukatsegula chitseko ndi phewa, mbale zili m'manja, utsi umakulandira kumaso, ndipo pofika nthawi yoweruka malaya onse amakhala akununkha ndudu ngakhale sunasutepo chibadwire. Kachipindaka kanabadwa pa mkangano umene watha zaka zoposa 30.

Kale ku South Africa munthu ankasuta paliponse: m'basi, mu ofesi, ngakhale m'ndege. Makampani a fodya anali ndi mphamvu zedi, makamaka Rembrandt ya Anton Rupert, ndipo maina a ndudu ngati Rothmans ndi Benson & Hedges ankamveka pa mipikisano ya mpira, kiriketi ndi mahatchi. Lamulo loyamba loyang'anira za fodya linabwera mu 1993, nduna ya zaumoyo ili Rina Venter, koma linali lofewa. Chachikulu chimene linabweretsa ndi machenjezo pa mapaketi.

Zinthu zinatembenuka Nkosazana Dlamini-Zuma atatenga undunawo m'boma la Nelson Mandela. Mu 1999 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa lamulo lija, kuletsa kutsatsa fodya ndiponso kusuta m'malo opezeka anthu ambiri. Maziko ake anali kafukufuku wosonyeza kuti utsi umapwetekanso wosasuta. Mu 1981 Takeshi Hirayama wa ku Japan anali atapeza kale kuti akazi osasuta okwatiwa ndi amuna osuta ankadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo.

Eni mahotela ndi mabala anadandaula kuti makasitomala athawa ndipo anthu achotsedwa ntchito. Osuta nawo anati fodya ngololedwa, msonkho amalipira wambiri, nanga boma likuwathamangitsiranji ngati akuba? Boma linagawa pakati. Kuyambira mu 2001 mwini malo analoledwa kupatula gawo losapitirira 25 peresenti kuti likhale la osuta, bola likhale lotchingidwa ndi khoma ndipo mpweya wake uzitulukira panja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 anawonjezera kuti mwana wosakwana zaka 18 asalowe m'chipindamo, komanso kuti munthu asasute m'galimoto muli mwana wosakwana zaka 12. Wosuta pamalo oletsedwa atha kulipira chindapusa chofika R500, mwini malo mpaka R50,000.

Mgwirizanowu unkaoneka wanzeru, koma unaiwala munthu mmodzi. Kasitomala amasankha yekha kokhala, akadya n'kumapita. Woperekera zakudya amalowa m'chipindamo kambirimbiri tsiku lililonse. Lamulo limanena ndithu kuti wantchito ali ndi ufulu wokana utsi popanda kumulanga, koma mnyamata wochokera ku Mangochi kapena ku Mzimba, amene mapepala ake ndi okayikitsa ndipo akudalira matipu kuti atumize ndalama kumudzi, angauze bwana kuti matebulo awo sindipitako? Ndiponso matebulo a m'kachipindamo ndi amene anthu amakhalitsa n'kumaitanitsa mowa. Ireland itaona vuto lomweli inaletseratu kusuta m'mabala ndi m'malesitilanti pa 29 Malichi 2004, ponena poyera kuti cholinga n'kuteteza antchito.

Osuta anapeza mpata wobwezera mu 2020. Mliri wa Covid-19 utafika, boma linaletsa kugulitsa ndudu kuyambira pa 27 Malichi mpaka m'Ogasiti, ndipo amene ankateteza chiletsocho anali Dlamini-Zuma yemwe uja. Anthu sanaleke kusuta. Ankagula ndudu zozembetsa m'makona pamtengo wokwera kangapo. Kampani ya fodya ya British American Tobacco inakasuma, ndipo mu Disembala 2020 khoti lalikulu la ku Western Cape linagamula kuti chiletsocho chinaphwanya malamulo a dziko. Khoti la apilo linagwirizana nazo mu 2022. Pamenepa ine ndimaona kuti osuta anali ndi mfundo, chifukwa kuletsa munthu wamkulu kugula ndudu yokasutira pakhonde pake n'kosiyana ndi kumuletsa kufukiza wantchito.

Bilu yomwe inaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo mu 2022 ikufuna kuthetseratu tizipinda ta osuta, ndiponso kuika ndudu zamagetsi pansi pa malamulo omwewo. Kwathu ku Malawi nkhaniyi timaigwira mwamantha, poti fodya wa bale ndiye amabweretsa ndalama zakunja zambiri. Pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lochepetsa kusuta, limene mayiko anavomereza mu 2003, ife tinalowamo mu 2023.