Mbalame zikadya chipatso, sindiye kuti mwana angadyenso

Ndatopa nawo mawu akuti chipatso chimene mbalame zikudya n'chabwinonso kwa mwana. Tinkawamva kumudzi kalekale, ndipo kuno ku Johannesburg akuyendabe pakamwa pa anthu. Si zoona, abale anga.

Taonani mtengo wa indya, umene kuno amautcha syringa. M'nyengo yozizira masamba ake amayoyoka, n'kutsala tizipatso tachikasu, tokwinyika, tili lendelende m'nthambi, tina tili mbwee pansi pomwe ana amasewera. Mbalame zimatidya bwinobwino, koma kwa munthu tili ndi poizoni. Mwana amatha kusanza, kutsekula m'mimba, mwinanso kukomoka kumene. Thupi la mbalame ndi lathu n'zosiyana. Mabulosi akupsa timadya, inde, koma n'chifukwa choti mtengowo timaudziwa.

Ngati pabwalo panu pali mtengo wachilendo, thyolani kanthambi kokhala ndi masamba ndi zipatso zomwe, mukaonetse ogulitsa mbande za mitengo. Kujambula n'kufufuza pafoni kumathandiza, koma nthawi zina kumaphonya. Kulawa kokha ayi.

Mwana akameza, musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga kanthambiko. Ndipo chonde, musauze mnzanu kuti "zimadyedwa izi" musanatsimikize dzina la mtengowo.