Kukonza seva yomwe simungathe kuigwira

Maofesi ambiri ku City Centre kuno ku Lilongwe amasunga webusayiti ndi maimelo awo pa seva, kompyuta yosungira zinthu za pa intaneti, yomwe sanaionepo ndi maso. Makinawo ali ku Johannesburg kapena ku Frankfurt, ndipo ife ogwira ntchitoyi timalowamo pa intaneti kudzera pa SSH, njira yotetezeka yolamulira kompyuta uli kutali, pa khomo la nambala 22. Nthawi zambiri khomo ndi lomwelo basi. Likatsekeka, palibe amene angakwere minibasi kukadina batani.

Mwina mungati, bwanji osangoisiya momwe ilili? Pulogalamu yoyendetsa makina, monga CentOS kapena Ubuntu, imakalamba, ndiye pamafunika kuika yatsopano. CentOS 7 idasiya kulandira zotseka mipata ya akuba pa 30 June 2024, ndipo chithandizo chaulere cha Ubuntu 20.04 chidatha mu 2025. Seva yotere ili ngati nyumba yomwe akuba ali ndi makiyi ake.

Pamene mtima wanga umagunda ndi pakati pa ntchito. Mwayamba kuika pulogalamu yatsopano, magetsi athima ku Area 47, intaneti yaduka. Ntchito ikafera pamenepo, mafayilo ena atsopano ena akale, seva itha kukana kudzuka. N'chifukwa chake ndimayamba ndatsegula pulogalamu ya tmux kapena ya screen pa sevayo, kuti ntchito izipitirira ngakhale ine nditaduka. Ubuntu nayo ikaona kuti mukuika Ubuntu yatsopano kudzera pa SSH imatsegula khomo lachiwiri pa 1022, koma ngati firewall yanu, pulogalamu yolondera makomo a seva, ikutsekereza khomolo, thandizo lonselo lapita m'madzi. Ambiri amaiwala zimenezi.

Poyatsanso makina ndi pomwe ambiri amagwa. Dzina la khadi la netiweki litha kusintha, eth0 n'kukhala ens3, seva n'kudzuka bwinobwino koma osalankhula ndi aliyense. Ili moyo, koma inu muli panja. Posintha za netiweki pa Ubuntu ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya netplan try: mukapanda kuvomereza zomwe mwasintha pasanathe masekondi 120, imabwezera zakale yokha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masekondi amenewo andipulumutsapo.

Inu amene mumalipira seva, funsani eni ake musanasainirane: kodi ikakana kudzuka, pali njira ina yolowera? Kodi mafayilo athu amakopedwa n'kusungidwa pamakina ena? Bwana akandiuza kuti tikonze Lachisanu madzulo ndimakana mwaulemu, n'kupempha Lachiwiri m'mawa, pamene eni seva ali pa ntchito ndipo foni angayankhe.