Chigayo cha maapozi cha ku Old Mystic ndi migolo ya Mayi Clyde

Pa 5 December paliponse anthu ena ku America amakweza matambula kukumbukira tsiku lomwe lamulo loletsa mowa linathetsedwa mu 1933. Ikafika nyengo imeneyi kamkangano kakale kamadzukanso: kodi ndi lamulo lija lomwe linapha saida, mowa wa maapozi umene kale sunkasowa pakhomo pa mlimi wa ku New England, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo? Otsutsa amaloza ku Old Mystic, kamudzi ka m'dera la Stonington ku Connecticut, kumene chigayo cha B.F. Clyde chikufinyabe maapozi ndi injini ya nthunzi.

Za chaka chomwe chinayamba, anthu sagwirizana. Eni ake amati 1881. Bungwe la mainjiniya la ASME, lomwe mu 1994 linachiika m'gulu la makina ofunika kusungidwa, limawerengera kuchokera mu 1898. Ine ndikuona kuti palibe wonama. Mu 1881 Benjamin Clyde anayamba kugulitsa saida koma ankakafinyitsa maapozi m'zigayo za anzake. Nyumba ndi makina akeake zinabwera pambuyo.

Makinawo ndi omwewo mpaka lero. Chofinyira chinachokera ku kampani ya Boomer & Boschert ya ku Syracuse, ndipo injini imachiyendetsa kudzera m'malamba. Maapozi akaperedwa, phala lake amalikulunga m'nsalu, n'kusanjikiza mitoloyo ndi timatabwa pakati, kenako chitsulo chimatsika pang'onopang'ono mpaka madzi ofiirira ayambe kuchucha m'mbali monse.

Koma nkhani yeniyeni ili pa 17 January 1920, tsiku lomwe chiletso chinayamba kugwira ntchito. Chakumwa chilichonse chofika theka la peresenti imodzi ya ukali chinkawerengedwa kuti ndi mowa. Kwa wofulula mowa wa balere zinali zomveka: asiye basi. Nanga wa maapozi? Madzi a maapozi safuna mfuluzi. Mukangowasiya mumgolo amayamba okha kuchita thovu, monga limachitira thobwa likagonera, ndipo pakapita masabata asanduka mowa. Mukawasiyabe mpweya n'kumalowa, mowawo umasanduka viniga. Palibe njira yodumphira pakatipo.

Aphungu a ku Washington ankadziwa zimenezi, komanso sankafuna kuyambana ndi alimi, omwe ambiri mwa iwo ndiwo ankachemerera chiletsocho. Motero mu gawo 29 la lamulo la Volstead, lomwe linkalongosola kayendetsedwe ka chiletsocho, anasiya kampata: munthu atha kupanga saida "wosaledzeretsa" wakumwa pakhomo pake, koma asagulitse kwa wina aliyense kupatula amene ali ndi chilolezo chopanga viniga. Apa ndi pamene banja la Clyde linapulumukira. Linatsamira pa viniga, ndiye kuti migolo ya mowa inkakhalabe pamalopo mwalamulo, ikudikira kuwawasa. Wapolisi akatsegula mgolo n'kununkhiza, akanadziwa bwanji ngati uwu ndi viniga wa mwezi wa mawa kapena ndi wa kasitomala wobwera usiku?

Nkhani yomwe imakambidwa kwambiri ndi yoti Abby, mkazi wa Clyde, anamangidwa kawiri pomuganizira kuti akugulitsa mowa mobisa, koma khoti silinamupeze wolakwa. Gwero lake lalikulu ndi banjalo, ndipo nkhani zotere zimakometsa malonda, choncho ndi yofunika kuimva mosamala. Komabe ikugwirizana ndi mmene zinthu zinalili kumeneko. Connecticut ndi Rhode Island ndiwo madera awiri okha omwe sanavomereze konse kusintha kwa nambala 18 kwa malamulo a dziko, komwe kunabweretsa chiletsocho, ndipo kuchoka ku Old Mystic kukafika m'malire a Rhode Island ndi kamtunda kochepa. Oweruza ake akanakhala anthu a m'dera lomwe silinapemphe lamuloli. Ngati mayiyo anatungirako mnansi kabotolo, ine sindingamuponye mwala.

Tsono ndani anapha saida? Olemba mbiri ambiri amati anali atadwala kale 1920 isanafike. Ajeremani omwe anasamukira ku America chapakati pa zaka za m'ma 1800 anabwera ndi mowa wa balere, wofulika chaka chonse komanso woyenera m'mizinda momwe anthu ankathamangira kukagwira ntchito. Magulu odana ndi uchidakwa nawo anali atayamba kale kunyoza mgolo wa mlimi. Nthano yoti anthu anagwetsa minda yonse ya maapozi ndi nkhwangwa imamveka bwino, koma ikuoneka kuti inakokomezedwa. Chiletso chinangotsiriza wodwala, ndipo mu 1933 anthu anabwerera ku mowa wa balere, osati wa maapozi.

Ku Old Mystic chigayocho chidakali m'manja mwa mbumba ya Clyde. Chimatsegulidwa mu September maapozi akapsa, ndipo saida wotsekemera ndi woledzeretsa onse amagulitsidwa poyera, masana dzuwa likuswa mtengo.