Peugeot 404, galimoto yomwe inazolowera fumbi ndi matope

Peugeot 404 inatuluka ku France m'chaka cha 1960, thupi lake atalijambula a kampani ya Pininfarina ya ku Italy. Kwawo galimoto yaing'onoyo anasiya kuipanga mu 1975, koma ku Kenya ankamangabe mapikiapu ake mpaka 1991. Zonse pamodzi zinapangidwa pafupifupi 2.9 miliyoni.

Dzina inalipeza pa East African Safari, mpikisano wodutsa m'misewu ya fumbi ya Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Mu 1963 kunagwa chimvula, moti mwa galimoto 84 zomwe zinanyamuka, 7 zokha ndizo zinafika, patsogolo pali 404 ya Nick Nowicki ndi Paddy Cliff. Bert Shankland ndi Chris Rothwell a ku Tanzania anapambana nayo mu 1966 ndi 1967, Nowicki n'kubwerezanso mu 1968. Kwa mlimi wa fodya kapena woyendetsa matola, amene msewu wake unali womwewo wa mabampu ndi zithaphwi, umboni unakwana.

Chinsinsi sichinali liwiro ayi. Injini yake ya petulo ndi ya 1618 cc, masilinda anayi, yogonekedwa chapambali kuti boneti itsike. Giya amasinthira pa chiwongolero, choncho mpando wakutsogolo unkakhala wotakasuka. Masipuling'i ake ngataliatali, matayala a mainchesi 15, ndipo shafti yopita kumbuyo imadutsa m'kati mwa chipaipi chachitsulo chomwe chimaitchinjiriza ku miyala ndi dothi. Chachikulu n'chakuti chilichonse chinkamasulika ndi masipanala wamba pansi pa mtengo wa mango.

Amene ali nayo lero asamale kwambiri ndi masilivi. Masilinda a injini imeneyi sanaboole m'buloko, ndi mapaipi ochita kulowetsa (ndiwo masiliviwo), ozunguliridwa ndi madzi, okhala ndi chotsekera kunsi kwake. Ubwino wake ndi woti injini ikatha simuisema, mumangogula masilivi, mapisitoni ndi maring'i atsopano. Koma makaniko wosaidziwa akamasula mabauti n'kuzula hedi molunjika m'mwamba, masilivi amakakamira ku gasiketi n'kunyamuka pang'ono, chotsekera chija n'kusuntha. Akamanga zimaoneka bwino, pakapita masiku oyilo wasanduka woyera ngati mkaka chifukwa madzi alowamo. Njira yake ndi kusiya bauti limodzi lakumapeto, kukankhira hedi chammbali kuti imatuke, kenako kupanikiza masilivi ndi mawashala akuluakulu ndi mabauti. Injini musaizungulitse masilivi asanapanikizidwe. Hediyo ndi ya aluminiyamu, ndiye injini ikawira kamodzi kokha muyese ngati sinapindike musanaike gasiketi yatsopano.

Msampha wachiwiri uli ku defu, bokosi la magiya lomwe limazungulitsa matayala akumbuyo. Magalimoto aang'ono a 404 ambiri ali ndi defu yachilendo: chitsulo chopota ngati sikuluwu chimazungulitsa gudumu la mano lamkuwa. Imayenda mwakachetechete ndipo imakhalitsa, koma imasankha oyilo. Oyilo wamba wa defu, uja wonunkha salufa, amatha kudya mkuwa pang'onopang'ono. Zakale zina zinkathiridwa oyilo wochokera ku nsatsi, yemwe sagwirizana ndi oyilo wamakono, mukasakaniza amaundana. Musanawonjezere oyilo, khutulani yense wakaleyo m'mbale yoyera. Mukaona tinthu tonyezimira ngati golide, ndiye kuti gudumu layamba kutha, ndipo kulipeza masiku ano ndi ntchito. N'zomvetsa chisoni kuti 404 imatha kuimikidwa pa njerwa chifukwa cha lita imodzi ndi theka ya oyilo wolakwika, injini ili bwinobwino.

Zina n'zazing'ono. Ikamavuta kulira m'mawa yambani mwaona mapointi (tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi kuti mapulagi apereke moto), mpata wake ukhale 0.4 mm. Fani yake siizungulira ndi mphamvu nthawi zonse, imagwidwa ndi maginito amagetsi madzi akatentha, choncho injini ikamawira pa chitunda yang'anani kaye switchi ndi waya wa faniyo musanamasule rediyeta. Magudumu a galimoto yaing'ono amamangidwa ndi manati atatu okha, limodzi likakhwefuka musapitirize ulendo.

Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Mapaipi akale a labala ndi kachikopa ka m'pampu ya petulo zimauma n'kung'aluka, makamaka galimoto ikamakhalitsa osayenda, ndipo madzi omwe ethanol amakoka amachititsa dzimbiri pansi pa thanki. Sinthani mapaipi onse ndi amakono, ikani sefa pakati pa thanki ndi pampu, ndipo galimoto muziiyendetsa mpaka itenthe kamodzi pa masabata awiri aliwonse.

Pogula, musatengeke ndi penti. Yalulani makapeti, gogodani pansi pomwe pamaponda mapazi, m'munsi mwa zitseko ndi pamwamba pomwe pamangidwa masipuling'i akutsogolo. Galimoto yaing'ono ya 404 ilibe chasisi chapadera, thupi lomwelo ndilo limanyamula zonse, ndiye malo amenewa akafumbwa mtengo wowotcherera umakhala waukulu.