Kupitirira galimoto pachifunga: mtunda umene maso anu ayenera kuona

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo pali funso limene ndimafunsa wophunzira aliyense tikapezeka kumbuyo kwa thiraki: kuti muipitirire bwinobwino thirakiyi, maso anu ayenera kuona mtunda wautali bwanji kutsogoloko? Ambiri amati mamita 100. Ena amakwezako n'kufika 200. Onsewa amakhala ataperewera kutali, ndipo kupereweraku n'kumene kumasandutsa ulendo wabwinobwino kukhala maliro.

Tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 22 pa sekondi iliyonse. Tinene kuti thiraki ili patsogolo panu ikuyenda pa 60. Ndiye kuti mukuiposa ndi makilomita 20 okha pa ola, amene ndi mamita asanu ndi theka pa sekondi. Thiraki zazitali zokoka ngolo ziwiri zimafika mamita 22. Onjezerani utali wa galimoto yanu, mpata umene munasiya kumbuyo kwake, ndi mpata umene muyenera kusiya kutsogolo kwake musanabwerere kumanzere: zonse pamodzi ndi mamita pafupifupi 65. Kuti mumalize mtunda umenewo pamafunika masekondi 12, ndipo m'masekondi amenewo galimoto yanu yayenda mamita oposa 260 ili mbali ya eni ake. Basi yochokera kutsogolo nayo, ngati ili pa 80, yadya mamita 260 ake. Kuphatikiza, mukufunika msewu woyera woposa theka la kilomita. Amenewo ndi mabwalo a mpira asanu kuwayala mondondozana.

Tsono taganizani za Dedza m'mawa wa mwezi wa June, kapena Chikangawa pamsewu wa M1 popita ku Mzuzu, kapena msewu wochoka ku Limbe kudzera ku Bvumbwe kupita ku Thyolo tsiku la chiperoni. Chifunga chikatsika malo amenewa, nthawi zina simutha kuona ngakhale bwalo limodzi la mpira. Munthu wotuluka kumbuyo kwa thiraki pamenepo akubetcha moyo wake, wa amene wawanyamula, ndi wa anthu osalakwa amene sakudziwa n'komwe kuti pali galimoto ikubwera mbali yawo.

Lamulo lake ndi lachidule. Kuno timayenda kumanzere n'kupitirira chakumanja, ndipo mbali yakumanjayo ndi yobwereka. Simuloledwa kuibwereka pamzere woyera wosadukiza, pokhota, pokwera chitunda chimene simukuona kuseri kwake, pamphambano, pamlatho wopapatiza kapena powolokera anthu. Malo onsewa ali ndi vuto limodzi, loti simungaone kapena kudziwa chimene chikubwera. Chifunga, mvula yamphamvu, fumbi ndi utsi zimachititsa msewu wonse kukhala ngati pokhota. Apa m'pamene madalaivala ambiri amasokonezeka. Amaona mzere wodukizadukiza n'kumati lamulo lawalola. Mzere uja unajambulidwa poganizira tsiku lowala bwino. Ukungonena kuti msewu ndi wowongoka. Sukunena kuti mulibe kanthu.

Chinyengo chachikulu ndi cha nyali. Dalaivala amasuzumira, saona kuwala kulikonse, n'kuponda mafuta. Koma m'misewu yathu zinthu zambiri zimayenda opanda nyali: wakabaza wa njinga yakapalasa atasenza matumba a makala, ngolo ya ng'ombe, ana a sukulu m'mbali mwa msewu, mbuzi. Palinso thiraki yofera pamsewu imene chenjezo lake ndi nthambi za mitengo zoyalidwa pansi m'malo mwa mathirayango onyezimira, ndipo nthambi pachifunga mumaziona mutaziponda kale. Ina ndi galimoto ya diso limodzi, yoyaka nyali imodzi yokha. Mumaiyesa njinga yamoto, n'kumati tikwanirana, kenaka n'kuzindikira mochedwa kuti ndi lole yodzaza msewu. Chifunga chimanamizanso mtunda, pakuti chinthu chooneka mwachimbuuzi ubongo umachiyesa chakutali kuposa pamene chili.

Nkhani ina imene imandidetsa nkhawa ndi ya indiketa ya madalaivala a thiraki. Pali chizolowezi chakuti akayatsa yakumanja akuti musapitirire, akayatsa yakumanzere akuti dutsani. Ambiri amachita zimenezi ndi mtima wabwino, ndipo chenjezo loti musadutse limvereni nthawi zonse. Koma kuitana koti dutsani musakudalire pachifunga. Dalaivala uja ali pamwamba, inde, koma chifunga chamuphimba monga chakuphimbirani inu. Mwinanso akukhoteradi kumanzere, kapena akuzemba wanjinga amene inu simukumuona. Ngozi ikachitika, apolisi a pamsewu adzafunsa amene anali pachiwongolero cha galimoto imene inalowa mbali ya eni, ndipo ameneyo ndinu.

Nanga muchite chiyani? Yatsani nyali za dimu ngakhale masana, kuti ena akuoneni. Fulu musayatse: kuwala kwake kumagunda timadontho ta madzi n'kubwerera m'maso mwanu ngati khoma loyera. Ngati galimoto yanu ili ndi nyali za chifunga, zija zapansi, ino ndiyo nthawi yake. Pukutani galasi, yatsani mpweya wochotsa nthunzi mkati, ndipo tsitsani pang'ono windo ndi wailesi kuti makutu athandize maso. Mahazadi asiyireni nthawi imene mwaima kapena pamene pali choopsa; mukamayenda nawo, wakumbuyo sadziwa ngati mwaima, komanso indiketa yanu imasowa tanthauzo.

Liwiro likhale loti mutha kuima mkati mwa mtunda umene mukuona. Pa 80, maso akaona chinthu, phazi lisanafike n'komwe pabuleki mwayenda kale mamita 20 kapena 30, ndipo kuti muimiretu pamsewu wouma pamafunika mamita oposa 50. Pamsewu wonyowa mtundawo umatalika kwambiri. Musakakamire kumbuyo kwa thiraki pofuna kutsata nyali zake zofiira. Siyani mpata wa masekondi anayi kapena kuposa, chifukwa madzi amene matayala ake amawaza amakutsekani maso, ndipo ikaponda buleki mulibe kothawira.

Utsi wa lupsa m'miyezi ya September ndi October ndi woipa mwa njira yakeyake, chifukwa umabwera mwadzidzidzi pamsewu wowala, inu muli paliwiro. Chepetsani liwiro musanalowemo. N'chimodzimodzi fumbi la msewu wadothi kumbuyo kwa lole, ndi dzuwa la madzulo likamalasa m'maso.

Inunso okwera minibasi muli ndi mbali yanu. Mawu oti "adalaivala, tachedwa" alowetsa anthu ambiri mbali ya eni. Kutsatira thiraki pa 60 m'malo mwa 80 kwa makilomita 10 kumangokuchedwetsani mphindi ziwiri ndi theka. Mukaona dalaivala akusuzumirasuzumira pachifunga, muuzeni mwaulemu kuti adikire.

Zikachitika kuti mwatuluka kale ndipo nyali zatulukira kutsogolo, musapikisane nazo. Ngati simunafike pakati pa thiraki, chotsani phazi pamafuta, pondani buleki mosadzidzimutsa, yatsani indiketa yakumanzere n'kubwerera kumbuyo kwake. Ndipo inu amene mukupitiriridwa, musawonjezere liwiro ngakhale mnzanuyo walakwitsa. Khalani kumanzere kwenikweni, yang'anani chimene iye wasankha: akamabwerera kumbuyo kwanu pitirizani liwiro lanu kuti malo atseguke, akamalimbikira kutsogolo chepetsani kuti alowe.