Nyongolotsi za m'chiwindi: pamene madokotala amafika poika chiwindi china

Matenda a alveolar echinococcosis amayamba ndi kanyongolotsi kophwatalala kotchedwa Echinococcus multilocularis. Kamakhala m'matumbo a nkhandwe ndi agalu, ndipo mazira ake amatuluka ndi ndowe. Mbewa zimameza mazirawo, nkhandwe n'kudya mbewazo, ndipo kanyongolotsiko kamapitiriza kuswana. Munthu amatenga matendawa akameza mazira omwe ali pamasamba, pazipatso za m'tchire, m'madzi kapena pa ubweya wa galu. Munthu sapatsira mnzake.

Amapezeka kumpoto kwa dziko lapansi: Switzerland, kumwera kwa Germany, kum'mawa kwa France, Turkey, Russia, Kyrgyzstan, kumadzulo kwa China ndi chilumba cha Hokkaido ku Japan. Mu Africa muli mtundu wina, wa agalu ndi nkhosa, womwe umatupa ngati thumba la madzi ndipo ndi wofala ku Turkana m'dziko la Kenya. Umenewo kawirikawiri umachizika popanda kuchotsa chiwindi chonse.

Choopsa pa matendawa n'chakuti amabisala. Pamatha zaka 5 mpaka 15 munthu asakumva chilichonse, pamene chotupa choyambitsidwa ndi nyongolotsiyo chikudya chiwindi pang'onopang'ono monga imachitira khansa. Kenako amayamba kuwonda, kufooka, kumva kupweteka kumtunda kwa mimba chakumanja, maso n'kuchita chikasu. Chotupacho chimatha kufalikira m'mapapo ndi mu ubongo. Popanda chithandizo, matendawa amapha.

Akapezeka msanga, madokotala amadula mbali ya chiwindi yomwe yagwidwa, wodwala n'kumwa mankhwala a albendazole kwa zaka zosachepera 2. Ngati chotupa sichingadulidwe chonse, albendazole amamwedwa kwa zaka zambiri, ena moyo wawo wonse. Mankhwalawa amaletsa chotupa kukula, koma nthawi zambiri sapha nyongolotsiyo.

Kuika chiwindi cha munthu wina ndi njira yomaliza. Madokotala amailingalira chotupa chikatseka njira za ndulu ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, chiwindi n'kulephera kugwira ntchito, kapena wodwala akamadwaladwala matenda a m'njira za ndulu omwe sakumva mankhwala. Madokotala a ku Besançon, ku France, anali m'gulu la oyamba kuchita opaleshoni imeneyi pa matendawa m'zaka za m'ma 1980, ndipo zimene anaona n'zofunika kuti wodwala aliyense ndi abale ake azimve bwino. Wolandira chiwindi amamwa mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi kuti thupi lisakane chiwalo chatsopanocho. Chitetezo chomwecho ndi chimene chinkaletsa nyongolotsi kufalikira. Choncho kachidutswa kakang'ono komwe kanatsala m'mapapo kapena pafupi ndi chiwindi kamatha kukula mofulumira kuposa kale. N'chifukwa chake asanachite opaleshoni amajambula chifuwa ndi mutu, ndipo chotupa chikapezeka mu ubongo, nthawi zambiri opaleshoniyo sachita. Akachita, albendazole sasiyidwa msanga, ndipo kuyezetsa magazi ndi kujambulitsa kumapitirira kwa zaka zambiri. Wodwala asasiye mankhwala payekha poona kuti wapeza bwino.

Ku China, m'zipatala za ku Urumqi ndi Chengdu, amagwiritsanso ntchito njira ina. Amatulutsa chiwindi chonse, n'kudula chotupa chiwindicho chili kunja kwa thupi, n'kubwezera mbali yabwinoyo mwa mwini wake. Sipafunika wopereka chiwindi, ndiponso sipafunika mankhwala ochepetsa chitetezo. Ndi opaleshoni yaikulu, yotheka pokhapokha mbali yotsalayo ili yokwanira kusunga moyo.

Ngati mukukhala kapena munakhalapo m'madera omwe matendawa amapezeka, sambani m'manja ndi sopo mukagwira galu kapena dothi, tsukani masamba ndi zipatso, ndipo kumbukirani kuti kuphika kumapha mazira a nyongolotsiyi koma firiji ya kunyumba siiwapha. Galu wogwira mbewa azipatsidwa mankhwala a nyongolotsi otchedwa praziquantel pafupipafupi. Dziko la Britain limalamula kuti agalu ochokera m'mayiko ambiri alandire mankhwalawa pakati pa tsiku 1 ndi masiku 5 asanalowe. Mukamamva kupweteka kumanja kwa mimba kapena maso akachita chikasu, uzani dokotala mayiko onse amene munakhalako, ngakhale patapita zaka 10.