“Mutiike pamwamba pa Google, achimwene”

Mawu amenewa adandiuza amayi ena amene ali ndi malo ogona alendo pafupi ndi msewu wa M1 pa boma la Dedza, ndipo si iwo okha amene amabwera ndi pempho lotere. Ndidawayankha kuti palibe munthu amene angalonjeze malo oyamba pa zotsatira za Google, ndipo ngakhale kampani ya Google yeniyeniyo imachenjeza eni mabizinesi kuti asamale ndi aliyense wolonjeza zimenezi. Nkhope yawo idagwa, chifukwa mnyamata wina adali atawauza kale kuti ntchitoyo aimaliza m'masabata awiri. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikufuna kufotokozera anthu wamba chimene ntchito yathu yokweza mawebusaiti pa Google ili, makamaka mbali yake imene siphunzitsidwa pa kompyuta.

Ntchitoyi imadziwika ndi zilembo zitatu, SEO, ndipo tanthauzo lake ndi kukonza webusaiti kuti munthu amene akufufuza kanthu pa intaneti aipeze msanga. Makina ofufuzira monga Google ndi Bing ali ndi mapulogalamu amene amayendera masamba usana ndi usiku, kuwawerenga ndi kuwasunga m'kaundula wamkulu. Munthu akalemba funso, makinawo amatsegula kaundulayo n'kusanja masamba motsata amene akuoneka kuti ayankha bwino. Larry Page ndi Sergey Brin atayambitsa Google mu 1998, nzeru yawo yaikulu idali njira yotchedwa PageRank, imene imatenga linki yochokera ku tsamba lina ngati umboni wakuti tsamba lolozedwalo ndi lodalirika. N'chimodzimodzi ndi mlendo amene watsika basi pa depoti n'kufunsa anthu angapo kumene angagone: dzina limene latchulidwa kawirikawiri, makamaka ndi anthu ooneka odalirika, ndi limene amalitsata. Makinawa, tsono, akungoyesa kulosera chimene munthu angakhutire nacho, ndipo wogwira ntchitoyi amene sadziwa anthu amakhala akuthamangitsa mthunzi.

Khalidwe limene ndimaliika patsogolo ndi kumvetsera. Amayi aja adali atalemba pa webusaiti yawo kuti malo awo ndi apamwamba, abata ndiponso a makono, mawu amene malo ogona aliwonse m'Malawi muno amadzinenera. Ndidawapempha kuti andilole kucheza ndi mtsikana wolandira alendo komanso mlonda wausiku. Adadabwa, nati, “Achimwene, mlonda adziwanji za intaneti?” Za intaneti sadali kudziwa, koma mafunso a alendo adali kuwadziwa onse pamtima. Alendo amafunsa ngati madzi osamba ndi otentha, funso lomveka kwa aliyense amene adagonapo ku Dedza mu June kapena July. Amafunsa ngati galimoto igona mkati mwa mpanda, ngati pali nyali magetsi akazima, ngati angalipire pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiponso ngati munthu wopita ku Mozambique angafike pa chipata cha Dedza m'mamawa osavutika. Palibe ngakhale limodzi mwa mafunso amenewa limene lidayankhidwa pa webusaitiyo. Titalemba mayankho ake m'mawu osavuta, tsambalo lidayamba kukhala ndi kanthu kopatsa munthu, ndipo makina nawonso adapeza chifukwa choliwonetsera.

Kumvetsera kumeneku n'kofunika kwambiri kuno kwathu kusiyana ndi ku London kapena ku Johannesburg. Anzathu a kumeneko amadalira zipangizo zimene zimawerengera kuti mawu akutiakuti amafufuzidwa kangati pa mwezi. Mukaika mawu a Chichewa m'zipangizo zomwezo, kawirikawiri zimangoti duu, chifukwa ofufuzawo ndi ochepa moti chiwerengero chake sichioneka. Komatu anthuwo alipo. Taganizirani gulu la alimi a ku Tsangano kapena wamalonda wa pa Lizulu amene akufuna ogula mopikula a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mbewu imodzi yomweyo wina amaitcha mbatatesi, wina kachewere, wina amangoti Irish, ndipo wogula angalembe theka la funso m'Chichewa, theka m'Chingerezi, kalembedwe kake kosatsata buku lililonse. Google idanenapo kuti mafunso 15 pa 100 alionse amene imalandira tsiku ndi tsiku ndi oti sidawaonepo n'kale lonse. Ngati zili choncho pa dziko lonse, kuli bwanji m'chinenero chimene chili ndi masamba ochepa pa intaneti? Njira yodziwira mawu enieni a anthu ndi kukakhala nawo pa msika, khutu lili tcheru, ndipo zimenezi zimafuna kudzichepetsa kumene ophunzira ambiri, ine ndemwe nthawi zina, timasowa.

Pali chifundo china chaching'ono chimene chimaiwalika. Anthu ambiri kuno amalowa pa intaneti ndi foni, bandulo yake yowerengera, netiweki yake yobwera ndi kupita. Kudzaza tsamba ndi zithunzi zikuluzikulu ndiko kudyera munthu ndalama asanawerenge ngakhale mtengo wa chipinda. Google nayo masiku ano imaweruza webusaiti potengera mmene imaonekera pa foni, choncho kuganizira thumba la wowerenga ndi kukonzera makina zimakumana pamodzi.

Tifike pa chilungamo, pamene mayesero ali ambiri. Mbiri ya ntchitoyi ndi yodzaza ndi ukathyali. Kale anthu ankabwereza mawu amodzimodzi kambirimbiri pa tsamba, ena n'kumalemba zilembo zoyera pamalo oyera kuti makina okha aziwerenga, ena n'kumagula malinki zikwizikwi. Si anthu ang'onoang'ono okha amene adachita zimenezi, pakuti mu 2006 webusaiti ya BMW ya ku Germany idachotsedwa kwa kanthawi mu kaundula wa Google chifukwa cha masamba opangidwira kunamiza makina. Mu 2011 kudabwera kusintha kwa kasanjidwe ka Google kotchedwa Panda, kumene kudatsitsa masamba opanda phindu, ndipo mu 2012 kudabwera Penguin, kolimbana ndi malinki achinyengo. Mabizinesi amene adamangidwa pa njira zachidulezi adadzuka m'mawa n'kupeza alendo awo atasowa.

Ukathyali wa kwathu kuno ndi wa mtundu wina, koma muzu wake ndi womwewo. Mwini malo amafuna kuti abale ake ndi antchito ake alembe ndemanga zoyamikira ngati kuti ndi alendo. Wina amafuna kuika chithunzi cha chipinda chimene si chake. Amayi aja adandipempha kuti ndilembe kuti malo awo ali pafupi ndi Mua, popeza alendo akunja ambiri amafufuza za malo a zaluso a KuNgoni ndi nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare. Ndidakana mwaulemu. Mua ili m'boma la Dedza, inde, koma ili kunsi kwa mapiri, ndipo kuchoka pa boma munthu amayenera kutsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti. Mlendo amene wanamizidwa akhoza kubwera ndithu, koma akafika n'kuona ulendo umene watsala, amalemba ndemanga yowawa imene imakhala pa intaneti zaka zambiri. Tidalemba zoona, kuti Mua ndi ulendo wa padera wofunika kuukonzekera, n'kufotokoza njira yake. Kukana pempho la munthu amene akukulipira si chinthu chapafupi, makamaka ngati ndi wamkulu kwa iwe, ndipo luso lokana popanda kunyoza palibe pulogalamu imene ingakuphunzitseni.

Anthu ambiri sadziwa kuti Google imagwiritsa ntchito anthu enieni ambirimbiri amene amaunika zotsatira za kafukufuku motsata malangizo olembedwa. Maganizo awo sakweza kapena kutsitsa tsamba mwachindunji, koma amathandiza kampaniyo kuona ngati makina ake akusanja bwino. Malangizowo amafunsa ngati wolemba tsamba ali ndi ukatswiri, ngati ena amamuzindikira, ndiponso ngati ndi wokhulupirika. Mu December 2022 adawonjezerapo funso lina, lakuti kodi wolembayo zinthuzo adaziona kapena kuzichita yekha. Funsoli lidabwera patangopita masabata ochepa ChatGPT, pulogalamu yolemba yokha mayankho, itatulutsidwa, ndipo kwa ine likulongosola bwino phindu limene munthu watsala nalo. Pulogalamu yolemba yokha ingakuuzeni kuti zojambula za pamiyala za ku Chongoni zidalowa m'ndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 2006 ndipo zili pa malo 127, koma zimenezi zidalembedwa kale pa masamba ena ambiri. Chimene mlendo akusowa ndi mawu a munthu amene adapondako, wodziwa mmene msewu umakhalira mvula ikagwa ndi nthawi yabwino yonyamukira. Sindidana nazo zipangizo zatsopanozi, ndimazigwiritsa ntchito, koma Chichewa chimene zimatulutsa chimafunika munthu achiwerenge kaye, chifukwa nthawi zambiri chimanunkha Chingerezi.

Malangizo omwewo amakhwimitsa kwambiri pa nkhani zokhudza thanzi ndi ndalama za anthu. Pamenepa mpamene ine ndimaika malire anga. Wogulitsa mankhwala amene akunena kuti amachiza matenda onse angathe kulipira bwino, ndipo njira zokwezera tsamba lake ndikuzidziwa, koma wofufuzayo angakhale mayi amene mwana wake watentha thupi usiku ku Bembeke, ndipo tsamba limene alipeze lingamuchedwetse kupita ku chipatala.

Kudekha ndiko kumavuta eni mabizinesi kuposa zonse. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Google yomwe idanenapo kuti zipatso za ntchitoyi zimatenga miyezi inayi mpaka chaka kuti zioneke. Miyezi imeneyi ndi yaitali kwa munthu amene akulipira antchito ndi ngongole. Udindo wanga pa nthawiyi ndi kumuonetsa mwezi ndi mwezi ziwerengero za mu Search Console, chipangizo cha Google choonetsa mmene webusaiti ikupezekera, monga zilili, zikwere kapena zitsike, n'kuzimasulira m'mawu amene angamve, osabisala kuseri kwa Chingerezi chozama. Ndimamuphunzitsanso zimene angachite yekha, monga kukonza nambala ya foni, nthawi yotsegulira ndi malo ake enieni pa Google Maps, zinthu zaulere zimene nthawi zina zimabweretsa alendo msanga kuposa webusaiti yomwe.

Amayi aja tsopano amayankha okha ndemanga za alendo. Posachedwapa mlendo wina adadandaula kuti madzi adazizira m'mawa, ndipo iwo adandiimbira foni kufunsa ngati ndingafufute ndemangayo. Ndidawauza kuti sindingathe, komanso kuti ofufuza ambiri amayamba kuwerenga madandaulo kuti aone mmene mwini malo adayankhira. Adapepesa poyera pansi pa ndemangayo, n'kufotokoza kuti mlonda aziyatsa moto wa madzi nthawi ya 4 koloko m'mawa.